SIKAWUTI WONGOGUBA NDI WA NTCHITO YANJI KUNYANJA KUNO?

 Uthengawu ndi wautali ndipo bandulo yadula, ndikudziwa. Koma werengani mpaka pansi musanandiyankhe, paja ena mumangowerenga mizere itatu n'kuyamba kutukwana.

Nkhani ndi ya gulu la masikawuti la kwathu kuno. A komiti agamula kuti ana asapitenso kokagona kunja mpaka bungwe lina lidzawapatse matenti. Akuti matentiwo akadzafika, kampu izidzachitika kamodzi pachaka, mu Ogasiti, pabwalo la mpira la pasukulu. Miyezi ina yonseyi ana azingokumana Loweruka masana, kuguba, kuimba, n'kubalalika. Sinditchula munthu kapena sukulu, eni ake akudzidziwa. Ine ndikuti chigamulochi n'cholakwika. Gulu la masikawuti la kunyanja likuyenera kutuluka mwezi uliwonse, Januwale mpaka Disembala, kaya kuli mvula, kaya mwera, kaya dzuwa la Okutobala. Likapanda kutero ndi kwaya yovala masikafu basi.

Taonani ntchito yomwe ana aja akugwira panopa. Kukabwera alendo, masikawuti aime pamzere. Pa 3 Malichi anyamule mbendera. Pa 6 Julayi agube. Akamaliza apatsidwe Fanta ndi banzi, kazipitani kwanu. Perete sindikumunyoza ayi, amaphunzitsa kumvera ndi kuchitira zinthu pamodzi. Koma tandiuza aise, bwato likagubuduka kuseri kwa Domwe mphepo itayamba, kuguba kuja kumupulumutsa mwanayo? Mng'ono wake akayamba kutsegula m'mimba pakati pa usiku, sawasha imuthandiza chiyani?

*USIKAWUTI UNAYAMBIRA PACHILUMBA*

Amene anayambitsa zimenezi, Robert Baden-Powell, anali msilikali wa Angerezi, ndipo sindimuyeretsa ayi. Mu 1896 anali nawo pankhondo yolimbana ndi Amandebele m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Kumapiri a Matobo komweko ndi kumene ananolera luso lake lolondola mapazi, kuwerenga tchire ndi kugona panja. Mu Ogasiti 1907 anatenga anyamata pafupifupi 20, ena a mabanja olemera, ena a anthu wamba, n'kuwoloka nawo pa boti kupita pa kachilumba ka Brownsea kum'mwera kwa England. Anakhalako sabata yathunthu. Anawagawa m'timagulu tinayi, kalikonse kotsogozedwa ndi mnyamata mnzawo. M'mawa ankawadzutsa ndi lipenga la nyanga ya ngoma, nyama ija osati yoimba, yomwe anachoka nayo kuno ku Africa. Buku lake linatuluka pambuyo, mu 1908. Kampu ndiyo inayamba, zinazi zinachita kulondola. Mkuluyo anamwalira mu 1941 ndipo manda ake ali ku Nyeri m'dziko la Kenya.

Nde taganizani: chilumba, boti, moto, chingwe, timagulu. Pa zimenezi chomwe tilibe ife n'chiti? Zilumba ndi izi, Domwe, Thumbi, Mumbo, Boadzulu, Maleri, Mbenje, Likoma, Chizumulu. Munthu anadzatola nzeru za tchire kuno, anakayambitsa nazo gulu la dziko lonse, ife eni tchire ndi eni nyanja tapinda manja kudikira kuti atitumizire nsalu. Asa!

*NKHANI YA MATENTI*

Inde, anyamata a pa Brownsea anagona m'matenti a asilikali, chifukwa ndi zomwe zinali pafupi ndi iwo. Ife zomwe zili pafupi ndi bango, udzu, nsungwi, luzi, matumba a feteleza ndi matanga akale a maboti. Bambo anga ayamba kupha usipa ndi utaka ine ndisanabadwe. Nsomba zikathawa kuno amasamuka ndi alovi awo, mwezi wathunthu pagombe la eni. Tenti sanaigonepo olo tsiku limodzi. Amazika mphanda ziwiri, mtanda pamwamba, bango m'mbali, ikakhala nyengo ya mvula amayala pepala lakuda la pulasitiki, khomo amalilozetsa kosiyana ndi komwe mphepo ikuchokera. Dzuwa lisanalowe msasa watha, nsima ili pamoto.

Mwana akaphunzira kumanga msasa wotere ali ndi luso la moyo wake wonse. Ukadontha amadziwa pomwe analakwitsa, ulendo wina amakonza. Tenti ya mphatso ikang'ambika zipi, gulu lonse lakhalanso pansi kudikira ina.

Ndipo musaganize kuti pomwe pali ndalama ndi matenti pali kampu yabwino. Mu Ogasiti 2023 masikawuti a dziko lonse oposa 40,000 anasonkhana ku Saemangeum, ku South Korea. Matenti anali mbwee. Koma malowo analibe mitengo ya mthunzi, madzi a mvula anali atadikha, zimbudzi zinali zosasamalika, ndipo ana mazanamazana anadwala ndi kutentha. A ku Britain ndi a ku America anasamutsa ana awo msonkhano uli mkati, kenako onse anachotsedwa pamalopo kuthawa namondwe. Mthunzi, ngalande, chimbudzi, mphepo. Mlovi aliyense wa pa doko lathu akanawauza zimenezo kwaulere.

*"ANA A ASODZI NYANJA AMAIDZIWA KALE"*

Awa ndi mawu omwe andipweteka kwambiri, chifukwa ndi bodza lomwe timadzinamiza tokha. Kubadwira pagombe si kudziwa nyanja. Kuvumvulukira m'madzi a m'chiuno pa doko si kusambira. Pakati pa anyamata omwe amapita ku chilimira usiku alipo ambiri oti sangasambire mtunda wa bwalo la mpira atavala malaya. Atsikana ndiye osanena, ambiri amathera pomwe amatsukira mbale. Tonse tinaonapo tsiku lija mabwato akuzungulira ndi khoka, osasaka nsomba koma mwana wa munthu, amayi atakhala pamchenga kuyang'ana madzi. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 300,000 amafa chaka chilichonse pa dziko lonse chifukwa chomira, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. Mpaka United Nations inapatula 25 Julayi kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kwathu kuno tsikulo limafika mwera uli pachimake, koma limadutsa mwakachetechete.

Nzeru zomwe zinkateteza makolo athu zikupita ndi eni ake kumanda. Madala amakuuza kuti mawa kunyanja sikupitika, iwe ukuona kuli zii, m'mawa mwake mafunde akuswa mpaka pamathandala. Ife a m'badwo uno timadziwa bwino matimu a ku England ndi zobetcha kuposa kusiyanitsa mpoto, vuma, zambwe ndi mwera. Mwana akaweruka kusukulu, omwe akumudikira ndi a pa pulu, a vidiyo sho ndi a midoli. Amenewo satseka chaka chonse. Nanga bwanji masikawuti okha azitsegula sabata imodzi pachaka?

Tsono m'malo mongodandaula, nayi kalendala. Nyanja inatilembera kale, ine ndangokopera.

*JANUWALE MPAKA MALICHI: DZINJA*

Apa ndi pomwe a komiti akuti n'zosatheka. Ine ndikuti apa mpomwe pali sukulu yeniyeni. Kampu ikhale ya usiku umodzi, pamtunda, pafupi ndi mudzi poti zikavuta makolo afika msanga. Ana aphunzire kusankha malo. Osamanga m'khwawa olo liume bwanji, chifukwa mvula yogwa kuphiri imakupeza uli mtulo. Osamanga pansi pa mtengo wautali woima pawokha, mphenzi imakonda pomwepo. Akumbe ngalande kuzungulira msasa. Aphunzire kuwaza chikuni chonyowa n'kupeza pouma mkati mwake, kusunga machesi ndi timitengo toyatsira m'kajumbo, ndi kuphika nsima mvula ili pamsana. Aphunzirenso kuti mtsinje wosefukira sawoloka, amadikira. Madzi othamanga a m'mawondo amagwetsa bambo wandevu.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kum'mwera. Opulumuka anagona m'makalasi ndi pansi pa mapepala kwa masabata. Zikadzachitika kwathu, ndani adzadziwe kumanga pobisala, kukumba chimbudzi ndi kusamala madzi akumwa? Wongoguba uja?

Dzinja ndi nyengonso ya kolera. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a kunyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay tinalira kwambiri. Sikawuti aliyense adziwe kukumba chimbudzi cha pa kampu mamita osachepera 30 kuchokera pomwe atunga madzi, kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini, ndi kusungunula Thanzi. Paketi ikasowa adziwe za pakhomo: lita imodzi ya madzi aukhondo, masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, theka la sipuni yaing'ono ya mchere, wodwala azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala. Aliyense agone mu neti. Neti ya udzudzu ntchito yake ndi imeneyo, osati kukokolola tiana ta chambo m'mbali mwa bango.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Kagulu kalikonse kadzale mitengo yake ndipo kaisamale mpaka chilimwe chithe. Mapiri athu tinameta tokha powamba nsomba.

*EPULO NDI MEYI: MASIKA*

Nyanja yadzaza, madzi akadali ofunda, mwera sunalimbe. Iyi ndi miyezi ya m'madzi. Mwana aliyense, mnyamata kaya mtsikana, aphunzire kuyandama chagada, kusambira atavala, ndi kupalasa bwato molunjika. Asamalowe m'madzi payekha. Aliyense ndi mnzake, wezulo ikalira agwirane manja awerengedwe.

Aphunzire kupulumutsa munthu osadzipha yekha. Choyamba kuwa kuitana anthu. Chachiwiri mupatsire nkhafi kapena nsungwi. Akakhala patali muponyere chigubu chotseka bwino chomangidwa kuchingwe. Zikakanika pita ndi bwato. Kudumphira m'madzi ndi komaliza, chifukwa munthu womira amakukakamira pakhosi, maliro amakhala awiri. Ndipo pa madzi a m'chifuwa, akuluakulu ataima pomwepo, aligubuduze dala bwatolo ana ali momwemo, kawiri katatu, mpaka mantha athe. Adziwe ndi thupi lawo kuti bwato la mtengo olo lidzaze madzi silimira msanga, ukaligwiritsa umakhala ndi moyo, koma ukalisiya kuti usambire kumtunda womwe ukuoneka ngati uli pafupi ndi pomwe ambiri amathera.

Wina anena za likodzo. Zoona lilipo. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi odikha, m'bango ndi m'maudzu, ndipo timafikamo kudzera mwa munthu wodwala akakodzera m'madzi. Nde sikawuti aphunzire kusankha posambira, asiye kukodzera m'nyanja, ndipo adziwe kuti kukodza magazi si chizindikiro choti wakula, ndi matenda, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo kuchipatala alipo. Za ng'ona ndi mvuu afunse asodzi a pamalopo asanaponde madzi, apewe pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja, apewenso m'bandakucha ndi chisisira.

Masika chakudya sichivuta. Chimanga, maungu, mbatata, mtedza, nzimbe, kampu yake yosafuna ndalama. Omwe ali mbali ya Salima akaonerere kutsegulira kwa chilumba cha Mbenje. Mfumu yaikulu Makanjira ya ku Salima imatseka usodzi pachilumbapo dzinja lonse n'kudzatsegulira cha mu Epulo, mwambo womwe unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo pali malamulo okhwima oletsa mowa, chamba ndi juga. Ana akaone ndi maso kuti kusunga nsomba si nzeru yobwera pa ndege.

*JUNI MPAKA OGASITI: CHISANU NDI MWERA*

Apa nyanja timaipatsa ulemu. Mwera ukayamba kuchokera kum'mwera umatha masiku osapuma. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, itangoyamba kumene ntchito, inamira kumpoto chakufupi ndi Chilumba pa mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anathera pomwepo. Ngati chitsulo chachikulu chotero chinagonja, bwato ndi ndani? Miyezi imeneyi ana asawoloke. Koma akhale pagombe m'mamawa ndi msodzi wachikulire, kope m'manja, azilemba: lero mphepo yachokera kuti, mitambo ili bwanji, madzi asintha mtundu kapena ayi, patali pakuoneka thovu loyera kapena ayi, madala akuti mawa kudzakhala bwanji, ndipo mawa lakelo alembe ngati zachitikadi. Kope limenelo likadzaza chaka chimodzi, gulu lili ndi buku lomwe simungaligule pa shopu ina iliyonse.

Kwinako miyendo ilunjike kumtunda. Njoka zachepa, udzu wayamba kuuma, kuyenda sikutopetsa. Phiri la Nkhudzi lilipo. Mwala wa Mphini uli pamsewu wopita ku Cape Maclear, ndipo alipo ana obadwira ku Monkey Bay oti sanauonepo. Ku Cape Maclear komweko kuli manda a amishoni a Livingstonia omwe anafika mu 1875, malungo atawasautsa n'kusamukira ku Bandawe mu 1881. Mbiri yomwe ana amaloweza m'kalasi kuti akhoze mayeso ili pomwepo, yoti akhoza kuigwira ndi dzanja. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Alendo amalipira ndege kudzaiona. Mwana wa pomwepo amangoidziwa ngati malo omwe amagwira anthu otola nkhuni.

Kampu yaikulu ya masiku asanu ichitike patchuthi cha Ogasiti, koma kutchire kwenikweni, osati pagolo la pasukulu pomwe mwana akamva njala athamangira kwa mayi ake. Aphunzire mapu ndi kampasi, kulondola mapazi, kufunda usiku wozizira, kunyamula mnzawo wovulala pa machira a nsungwi ndi zitenje. Masiku ake akambirane ndi mafumu kuti asawombane ndi zinamwali, paja ndi nyengo yomweyo anyamata ena amakhala ku ndagala. Ndipo zimenezo zikutikumbutsa kuti kutengera ana kutchire kukawaphunzitsa za moyo si chinthu chachilendo kwa ife. Osinkhukirapo asonkhe ndalama chaka chonse akakwere Zomba, chaka china Mulanje. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo kumeneko sapita popanda wolondolera wa komweko.

*SEPITEMBALA NDI OKUTOBALA: CHILIMWE*

Dzuwa la kunyanja mukulidziwa, mchenga umawotcha mpaka nkhuku imayenda modumpha. Kampu ya nyengo ino imaphunzitsa nthawi ndi madzi. Ulendo uyambe nthanda itangotuluka, ikamakwana 9 koloko onse ali pamthunzi. Aliyense anyamule botolo lake ndipo amwe ludzu lisanamupweteke. Adziwe kuti mnzawo akayamba mutu, chizungulire ndi kuyankhula zosamveka, ndi dzuwa limenelo: pamthunzi, kumuthira madzi, kumupepesera mphepo, kuthamangira thandizo. Aphunzire kulambula mozungulira kampu kuti moto wolusa wa osaka mbewa usawapeze, ndi kuzimitsa moto wawo ndi madzi ndi mchenga mpaka phulusa lizizire. Njoka zayamba kuyenda. Ikaluma munthu osatema pabalapo, osayamwa, osamanga chingwe mothinitsa. Agone phee, mwendo usagwedezeke, mumunyamule kupita kuchipatala.

Madzi nawo amakhala oyera mbee. Iyi ndi nthawi yoti ana awoloke kupita pachilumba, pa boti la injini, aliyense atavala laifi jaketi, chilolezo cha a paki chili m'manja, ndipo ola lowolokera anene ndi asodzi chifukwa vuma naye saseweretsa. Akavale magalasi a m'madzi aone mbuna m'miyala, nsomba za mitundu mazanamazana zosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Usiku akhale pamwala aone nyali za a usipa zitandandalika ngati tauni, wina awafotokozere chifukwa chake usipa umaphedwa bwino kukakhala mdima osati mwezi ukuwala, ndi momwe siginala amabwerera kudoko usiku poyang'ana nyenyezi ndi maonekedwe a mapiri.

*NOVEMBALA NDI DISEMBALA: NYANJA YATSEKEDWA*

Miyezi iyi boma limaletsa makoka kuti chambo chiswane. Ambiri timangoti ndi nkhanza za a fishale. Mwana amene anaonapo ndi maso ake timabeseni tomwe chambo chachimuna chimakonza pamchenga pansi pa madzi, n'kudziwa kuti chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, sangafunenso kumuuza kawiri chifukwa chake khoka lodutsa pamenepo likupha nsomba za chaka chamawa. Masikawuti agwire ntchito ndi a BVC, atole mapulasitiki ndi zidutswa za maukonde pagombe, akhale pansi ndi akuluakulu osoka maukonde aphunzire mfundo. Mfundo za sikawuti n'zomwezi timamangira bwato ndi nangula tsiku ndi tsiku. Kampu ya Disembala ikhale yokonzekera mvula yoyamba ndi mpoto. Pa Khirisimasi ndi Nyuwere, pomwe a m'tauni amadzadza magombe botolo lili m'manja, osinkhukirapo aime m'mbali ndi wezulo, chingwe ndi zigubu, wamkulu ali nawo pomwepo. Tsiku limodzi lokhalo likhoza kubweza mwana wa munthu kwa amake.

*"NANGA ATSIKANA? NANGA NGOZI? NANGA SUKULU?"*

Amayi ndi abambo, mantha anu ndikuwamva ndipo si opusa. Koma tinene zoona. Mtsikana wa kunyanja ngozi yake yaikulu ili pa doko m'bandakucha pomwe ena amasinthanitsa thupi ndi ndowa ya usipa, ili kuseri kwa vidiyo sho, ili mu ukwati wa msanga womwe malamulo a dziko lino analetseratu mu 2017 kwa aliyense wosakwana zaka 18. Boti likagubuduka popita kumsika kapena kuchipatala, oyamba kumira ndi amayi ndi ana omwe tinawauza kuti kusambira n'kwa amuna. Kumutsekera m'nyumba sikumuteteza. Chomuteteza ndi malamulo a pa kampu, ndipo akhale olembedwa. Atsikana msasa wawo, ndi atsogoleri aakazi osachepera awiri. Mtsogoleri aliyense asagone mu msasa wa ana ndipo asakhale pa awiriwiri ndi mwana kobisika. Kholo lisayine kalata. A mfumu a komwe mukupita adziwe, alangizi a zaumoyo adziwe, foni imodzi ikhale yodzaza moto. Mowa ayi, kwa wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Kholo lofuna kupita nawo lipite. Mtsogoleri wokana malamulo amenewa ndi amene muyenera kumuopa.

Za sukulu, ndikunena usiku umodzi pamwezi, Lachisanu madzulo kapena Loweruka, mosinthasintha kuti a kumzikiti, a Sabata ndi a Lamulungu asamaphonye mapemphero nthawi zonse. Omwe ali pafupi ndi mayeso a Sitandade 8, JCE kapena MSCE apume miyezi imeneyo. Za ndalama, aliyense abwere ndi kambale ka ufa, usipa wa m'manja awiri, mchere ndi tomato, bulangeti ndi neti za kunyumba. Mapoto abwereke. Za boti ndi za ulendo wa kuphiri gulu lipange maganyu, lilime dimba lake. Ndipo inu akuluakulu amene simusuntha popanda alawansi, tinene mosabisa: vuto si matenti, vuto ndi loti kampu ya m'bango ilibe envelopu.

Agogo ena akaona ana a yunifolomu akuguba amakumbuka apayoniya, omwe asilikali anachita kuwalanda zida mu Disembala 1993, ndipo amati mwana wanga asapiteko. Ndani angawadzudzule, ngati zomwe akuona ndi kuguba kokhakokha ndi kuimira andale? Aoneni ana akupulumutsa munthu, akudzala mitengo, akusungunula Thanzi, muone ngati sadzabweretsa okha zidzukulu zawo.

*ZOMWE NDIKUPEMPHA*

1. A komiti aitanitse msonkhano wa makolo mwezi uno, chigamulo chodikira matenti chichotsedwe.
2. Kalendala ya miyezi 12 ilembedwe ndi kumatidwa poti aliyense aone.
3. Doko lililonse lipereke asodzi awiri achikulire oti aziphunzitsa za mphepo, mfundo ndi bwato. Apatsidwe ulemu wa aphunzitsi, chifukwa ndi aphunzitsi.
4. Achemwali athu omwe anamaliza sukulu adzipereke kukhala atsogoleri a atsikana.
5. Pofika Meyi, mwana aliyense wa m'gululi akhale woti atha kuyandama ndi kuponya chingwe. Baji ibwere pambuyo pa zimenezo.

Ine mbali yanga ndi iyi: bwato la bambo, nkhafi zinayi, zigubu ndi thanga lakale zilipo, ndipo madala avomera kukhala pagombe ndi ana Loweruka lililonse m'mamawa akabwera kunyanja. Inu magaye muli ku Joni, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, musatitumizire tenti. Gulani laifi jaketi imodzi imodzi ndi chingwe. M'mera mpoyamba, ndipo madzi akatayika saoleka.

Wosagwirizana nane ayankhe ndi mfundo, ndimuwerenga mpaka pansi ngati momwe iye wandiwerengera. Enanu tumizani ku magulu a makolo, a mpira, a kutchalitchi ndi a kumzikiti, mpaka ufike kwa a komiti.

Ndatha ine wanu,
Mwana wa msodzi.